Ngozi Zisanabadwe

Lachiwiri lililonse ku Águeda, mvula ikulira pa malata a fakitale,
timakhala anthu asanu m'kachipinda konunkha girizi ndi khofi wozizira
kuti tiifunire zoipa njinga yathu yomwe.
Ermelinda amagoneka buleki patebulo ngati nsomba yoti itumbulidwe.
Ine ndimagwira cholembera.

Mafunso ndi atatu, sasintha:
ichi chikafa, munthu avulala motani?
Chimafa kangati?
Nanga tingachigwire chisanatuluke pa geti?
Yankho lililonse ndi nambala, kuyambira wani kulekeza teni,
ndipo ndimazichulukitsa
ngati munthu wowerengera ngongole imene sanatenge.

Tinayamba ndi utoto wokandika.
Bwana Hermínio amadana nawo,
amauona ali pakhomo, asanavale n'komwe magalasi.
Umabwera tsiku ndi tsiku, n'zoona,
koma ndani anagonapo m'chipatala chifukwa cha utoto?
Ndinalemba thuu. Iye anatsonya.

Belu losalira, chishalo chotsetsereka, tcheni chodya buluku,
zonse zinaima pa mzere ngati odwala,
aliyense akukankhira vuto la mnzake m'mwamba
kuti lake lisaoneke.
Ndalama za chaka chino zingachize awiri okha.

Custódio sanayankhule kuyambira m'mawa.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi wakhala akufinya mitu ya mawaya a buleki,
zala zake zinachita kukhota potsatira makinawo.
Anapisa m'thumba, natulutsa kachitsulo
kochepa ngati njere ya mpunga.
Akuti m'nyengo yozizira, makina asanatenthe,
mano ake saluma mpaka mkati.
Kamutuko kamaoneka bwinobwino, kamawala ngati anzake,
kamagwira mwezi, kamagwira chaka,
kenako tsiku lina, pamtsetse, kamangotaya waya.

Kangati? Mwina kamodzi pa masauzande ambirimbiri.
Ndinalemba thuu.
Kuvulaza? Palibe anatsegula pakamwa.
Ndinalemba teni, cholembera chinaboola pepala.
Kukagwira? Telmo, woyang'anira zotuluka, anati folo,
anati maso ake sanamunamizepo.
Custódio anamupatsa mawaya awiri:
sankhapo wodwala.
Telmo anawatembenuza, anawaunika pa windo, anawanunkhiza,
nasankha wamoyo.
Chakudza sichiimba ng'oma.
Ndinafufuta folo, ndinalemba naini.

Handiredi eyite.
Kanjere ka mpunga kanakwera pamwamba pa pepala,
kupitirira belu, kupitirira chishalo,
utoto wa bwana n'kutsalira pansi, ukudikira chaka chamawa.
Tinagwirizana kuti makina azitenthetsedwa kaye,
ndipo waya aliyense azikokedwa mpaka alumbire
asanalowe m'katoni.
Hermínio anasaina ngati akuzulidwa dzino.

Palibe adzatithokoze.
Ngozi yosachitika ilibe dzina, ilibe tsiku,
nyuzi siilemba, ambulasi siilirira.
Malipiro athu ndi munthu wofika kwawo
akudandaula za mvula basi.

Madzulo ndikuweruka ndinaona kamtsikana
kakutsika msewu wopita kumtsinje,
buledi m'khwapa, dzanja limodzi pa handulo,
jekete ikuuluka kumbuyo.
Lole inatulukira pa mlatho.
Kanafinya buleki kosaganiza n'komwe,
kanaima, kanaluma buledi, kanapitirira.
Sindikudziwa ngati njingayo ndi yathu.
Ndinangopeza kuti dzanja langanso lafinya
chogwirira cha ambulera.

Koma pepala lija lili m'chikwama changa,
ndipo pa mzere wa khumi ndi chinayi pali kanati ka gudumu lakutsogolo.
Ndinakapatsa firii chifukwa nthawi inali itatha
ndipo aliyense anali ndi njala.
Usiku uno ndadzuka kawiri kukayang'ana nambalayo.
Idakali firii.
Custódio apuma pantchito mu Marichi,
ndipo sindinamufunse
kuti m'thumba linalo muli chiyani.